M'MERA MPOYAMBA, KOMA MLIMI AMAPAKIZA

(Mau amene analankhula membala mnzathu, mlimi wa kachewere, pa msonkhano wa kalabu ya omvera wailesi)

Ndapempha kamphindi kuti ndiyankhepo pa nkhani ija tinamvera limodzi pa wailesi yathu sabata yatha. Paja mayi wina anatumiza uthenga kuti mwana wake wamkazi wabwereza kalasi, manota ake ndi otsika, koma mwanayo akuti akufuna kudzakhala dokotala. Mayiyo amafunsa kuti kodi pali mwayi, kapena akungotaya ndalama? Pano tinatsutsana ndithu, ndipo ambiri munati m'mera mpoyamba, mwana akayamba moipa basi zatha. Ine ndinangokhala chete tsiku lija chifukwa nkhaniyi ndi ya pakhomo pathu. Lero ndilankhule.

Mukundidziwa, ine sukulu ndinalekera kalasi 7. Zimene ndinene pano sindinaziwerenge m'buku ai, ndinazidziwa chifukwa cha mlongo wanga, chitsirizira m'banja mwathu, amene ndakhala ndikumulipirira sukulu kuchokera pamene bambo athu anatisiya.

Chaka cha 2016 mlongo wangayu analowa kalasi 8, ija timati oitava, ku vila. Kutha kwa chaka pauta itatuluka, Chipwitikizi anapeza 7, masamu 6. Mukudziwa kuti manota athu amalekera 20 ndipo kuti munthu akhoze afike 10. Analephera. Atsibweni athu anandiitana nati, "Iwe, mbewu iyi siinamere. Ndalamazo gula feteleza, mwanayu apeze banja." Sindiname, mtima wanga unavomera pang'ono, chifukwa chaka chimenecho kachewere sanagulidwe bwino. Koma usiku mwanayo anabwera nagwada nati, "Achimwene, ndipatseni chaka chimodzi chokha." Ndiye ndinamufunsa chimene palibe anamufunsapo: kodi chikukuvuta nchiyani?

Anthuni, yankho lake linandichititsa manyazi. Anati aphunzitsi akamalankhula amamva theka lokha. Kunyumba timalankhula Chichewa, kumunda Chichewa, kutchalitchi Chichewa, koma buku lililonse la ku sekondale ndi Chipwitikizi. Ku pulayimale amangopita naye patsogolo, kuwerenga kwenikweni asanakudziwe. Kuonjezera apo, kachipinda kamene ndinamuchitira lendi kanalibe nyale, ufa umatha mwezi usanathe, ndipo nthawi yokumba kachewere ineyo ndi amene ndimamuitanitsa kuti adzathandize, sabata ziwiri osapita m'kalasi. Ndiye nota 6 ija inali ya ndani? Theka inali yanga.

Anabwereza oitava mu 2017 nakhoza. Desima anamaliza mu 2019 ndi 11, osati nota yoti nkuimbira nthungululu. Polowa kalasi 11 anasankha gawo la sayansi, lokhala ndi Biologia ndi Química, anthu nkumaseka. Mu Marichi 2020 sukulu zinatsekedwa chifukwa cha matenda a korona, ndipo mukukumbuka kuti maphunziro ena amaulutsidwa pa wailesi. Iye m'mawa amakhala nafe kudimba, masana wailesi pakhutu, kope pamwendo. Desima segunda anamaliza mu 2021 ndi 13.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ambirife sitidziwa m'mene khomo la yunivesite ya boma limatsegukira. Ine ndimaganiza kuti amatenga mapepala onse a mwana kuyambira ali wamng'ono nkumawerenga m'mene analepherera. Sizili choncho. Chimene amafuna ndi setifiketi yoti wamaliza desima segunda kapena maphunziro ofanana nayo, kenaka mwanayo alembe mayeso olowera, aja amati exame de admissão. Nota ya oitava palibe amakufunsa. Wofuna udokotala amalemba Biologia ndi Química. Mafunso ake ndi osankha yankho limodzi pakati pa mayankho angapo. Akachonga, amandandalika maina kuyambira wapamwamba kutsika m'munsi, nkudula pamene malo athera. Ndiye kukhoza kokha sikokwanira. Ukhoza kupeza nota yabwino koma ngati ena okwanira malowo akuposa, dzina lako silituluka. Zili ngati lole ya pa msika: siifunsa kuti unadzuka nthawi yanji dzana, ikadzadza yadzadza.

Malo ake si kutali monga kale. Makolo athu amadziwa Universidade Eduardo Mondlane yokha, ku Maputo, imene inayamba mu 1962 nthawi ya atsamunda nitenga dzina limeneli mu 1976. Lero kuli UniZambeze, likulu lake ku Beira, koma maphunziro a zaumoyo ali mumzinda wa Tete: udokotala, udokotala wa mano ndi za mankhwala. Gawo lake la zaulimi lili konkuno ku Ulónguè. Ku Nampula kuli UniLúrio, nayonso imaphunzitsa udokotala. Koma ngakhale zachuluka choncho, ofuna udokotala ndi namtindi wa anthu, malo ndi ochepa, ndipo mwana wathu wa kumudzi amapikisana ndi ana a ku Beira ndi ku Maputo amene Chipwitikizi anayamwira.

Mlongo wanga analemba mayeso olowera a chaka cha 2022. Dzina silinatuluke. Analira masiku atatu osadya. Sabata yomweyo kunabwera bambo wina wovala bwino, akuti amadziwana ndi akuluakulu, ndikangomupatsa ndalama dzina lilowa. Ndalama imene anatchula inali mtengo wa ng'ombe. Ndinatsala pang'ono kumasula ng'ombe yanga yapangolo, koma mphunzitsi wina wopuma ntchito wa m'mudzi mwathu anandiletsa. Anati, "Mwana wanga, ameneyo akadya ng'ombe yako ukamusumira kuti, poti nawenso wachita chinyengo? Ndipo mwana wogwidwa ndi chinyengo amachotsedwa." Patapita miyezi tinamva kuti bambo uja anadyera mabanja awiri kutsidya kwa mtsinje nasowa. Chenjerani nawo anthu otere, amadza nthawi imene mtima uli pabala.

Mphunzitsi yemweyo ndi amene anatiuza chochita. Choyamba, mayesowa munthu akhoza kulembanso chaka chotsatira. Chachiwiri, mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo amapezeka pa intaneti. Tinapita ku vila, tinasindikiza mulu wonse, ndalama yake thumba limodzi la kachewere. Chachitatu, anati asamangoloweza mayankho, koma funso lililonse limene walakwa abwerere ku buku, ngakhale likhale la kalasi 8, mpaka amvetse. Apa ndi pamene ndinaona kuti manota oipa akale, ngakhale yunivesite siiwafunsa, amasiya maenje m'mutu. Química wa desima segunda amaima pa masamu a oitava. Ukapanda kubwerera kukakwirira maenjewo, udzagweramo tsiku la mayeso.

Chaka chonsecho ndinamumasula ku ntchito za masana. Anapeza anzake atatu, amakumana kuseri kwa tchalitchi katatu pa sabata, kulemba mayeso akale ndi wotchi patsogolo ngati tsiku lenileni. Ndinagula kasola kakang'ono ka nyale imodzi. Anthu amati ndikuweta mlesi. Koma kuona maso a nkhono nkudekha. Mayeso a 2023 atatuluka, dzina lake linalipo, osati pamwamba ai, chakumunsi ndithu, koma mkati. Pano ali ku Tete, akuphunzira. Udokotala ndi zaka 6, ndiye ulendo ukadalipo.

Ndisakunamizeni kuti aliyense wolimbikira amalowa. Mwa anayi aja analowa udokotala ndi iye yekha. Mmodzi anayesa katatu osatheka, pano akuphunzira unamwino ku sukulu ya zaumoyo, ndipo tsiku lina adzatibaya jekeseni pa chipatala chathu chomwechi. Wina anatembenukira ku zaulimi ku Ulónguè. Wachinayi anasiya, ali pa malonda kumalire. Ndikudziwanso mnyamata amene kuyambira ali wamng'ono amakhala woyamba m'kalasi, koma mayeso olowera anamugwetsa chifukwa anadzidalira osakonzekera. Choncho kwa mayi uja ndikuti: mwayi ulipo, khomo silinatsekedwe, koma ndi lopapatiza. Mwana akhale ndi njira yachiwiri m'thumba, ndipo njira yachiwiriyo si manyazi.

Komanso walira mvula walira matope. Dzina likatuluka mavuto a ndalama ndiye amayamba: kulembetsa, chipinda, chakudya, mabuku, ulendo wa makilomita oposa 200 kukafika ku Tete. Chaka chilichonse gawo la munda wanga ndimalitcha la mlongo wanga, zotuluka m'menemo sizilowa m'nyumba. Akazi anga poyamba amadandaula, ndipo anali ndi chifukwa, poti nafenso tili ndi ana. Tinakhala pansi nkugwirizana. Kuli thandizo lija amati bolsa, la boma kudzera ku Instituto de Bolsas de Estudo ndiponso la mayunivesite eni ake, koma salandira onse, ndipo limafuna kupempha msanga ndi mapepala okwanira. Musadikire dzina lituluke kuti muyambe kusunga.

Ndimalize ndi zopempha zinayi. Kwa makolo anzanga: mwana akabwera ndi nota yoipa, musanakalipe mufunseni chimene chikumuvuta, ndipo nthawi ya sukulu tisamawatengere kumunda monga ndimachitira ine. Masiku ano pulayimale ikuthera kalasi 6, ana akupita ku sekondale ali aang'ono kuposa kale, ndiye akufunika diso lathu kwambiri. Kwa inu achinyamata: nthawi yosankha gawo la maphunziro ku sekondale funsani bwino, chifukwa wofuna udokotala atathawa Biologia ndi Química wadzitsekera yekha. Werengani Chipwitikizi tsiku ndi tsiku, ngakhale nyuzi yakale yokulungira usipa. Kwa akuluakulu a wailesi yathu: chaka chilichonse mayunivesite amatulutsa chikalata chija amati edital, chonena masiku olembetsa, ndalama zake, maphunziro oyenera kulemba ndi kuchuluka kwa malo. Malamulo ake amasintha, ndipo ife akumudzi timamva nthawi itatha. Tikupempha kuti chikangotuluka muzitiwerengera m'Chichewa, kangapo, madzulo titaweruka kumunda. Kwa ife a kalabu: bwanji tisonkhe kangachepe tisindikize mayeso akale, akhale kwa alembi athu kuti mwana aliyense wa m'midzi yathu azibwereka? Mapepala a mlongo wanga alipo, ndabwera nawo, ndi awa.

M'mera mpoyamba, inde, akulu sananame. Koma tonse pano ndife alimi. Chimanga chikamera mwa apo ndi apo sitithawa munda, timatenga mbewu nkukapakiza mvula isanapite. Atsibweni aja anati mbewu siinamere, Khirisimasi yapitayi ndi amene anali oyamba kumuitana mwana uja kuti awaone mwendo wawo wotupa. Iye anaseka nati, "Atsibweni, sindinamalize, tiyeni ndikuperekezeni kuchipatala." Anapita limodzi.

Mayi amene munatumiza uthenga uja, ngati mau awa akupezani, mpatseni mwanayo chaka china.