Mukaona katangale ku yunivesite, mungakanene bwanji osadziika pamoto?

Awa ndi mawu amene mlendo wathu anayankhula pa msonkhano wa kalabu Loweruka lapitali. Tawalemba onse kuti inu amene simunabwere musatsalire.

Ndaona ena mwachokera ku Ndirande, ena ku Bangwe, ena ku Chilomoni, ndipo ndi mitengo ya minibasi ya masiku ano sindikufuna kukutayirani nthawi.

Ndiyambe ndi nkhani yanga. Ndili chaka chachiwiri pa koleji ina, sinditchula dzina lake, malo ogona ankavuta kwambiri. Tonse tinkadziwa kuti pali bambo wina mu ofesi amene ukamupatsa kangachepe, dzina lako limapezeka pa mndandanda wa hositelo. Mnzanga wina wochokera kumudzi analibe kangachepeko. Anakapeza kachipinda kutali, ankayenda wapansi m'mawa ndi madzulo, mpaka analephera mayeso n'kubwerera kwawo. Ine ndinkadziwa zonse, ngakhale mtengo wake ndinkaudziwa. Sindinanene kwa aliyense. Ndinkaopa, komanso kunena zoona sindinkadziwa kokanena. Mpaka lero zimandiwawa.

Ambiri mwa inu muli ku MUBAS pa Chichiri apa, ena ku KUHeS, ena mukudikira kusankhidwa. Masukulu amenewa ndi aboma. Anaima paokha mu 2021 pomwe University of Malawi inagawidwa, ndipo amayenda ndi misonkho ya makolo anu kuphatikiza fizi imene mumalipira. Ogwira ntchito ambiri kumeneko ndi anthu okhulupirika, ena amagwira ntchito molimbika kuposa malipiro awo. Koma paliponse pamene pali ndalama, magiredi ndi malo ochepa, mayesero sasowa. Wina akhoza kugulitsa malo ogona, wina kukweza mtengo pa risiti yogulira katundu, wina kulandira alawansi ya ulendo umene sanapite, wina kuuza mtsikana kuti "ukafuna kukhoza ubwere ku ofesi madzulo". Woyamba kuona zimenezi si odita ayi. Ndi inuyo.

Nanga n'chifukwa chiyani timakhala chete? Mantha athu ali ndi pochokera. Pa 24 September 2011, Robert Chasowa, wophunzira wa uinjiniya pa Polytechnic, anapezeka atafa pa sukulupo. Apolisi anati wadzipha, koma komiti yofufuza imene inakhazikitsidwa mu 2012 inapeza kuti anachita kuphedwa. Mu July 2015 Issa Njauju, mmodzi wa akuluakulu a ACB, anaphedwa ku Lilongwe. Ndiye munthu akakuuzani kuti "osaopa, ingolankhulani", ameneyo sakukufunirani zabwino. Ine ndikuti opani, koma mantha anuwo akuphunzitseni kunena mochenjera.

Chinanso chimene chimatitseka pakamwa ndi dzina loti kazitape. Mu February 2011, mkulu wa apolisi Peter Mukhito anaitanitsa Dr Blessings Chinsinga wa ku Chancellor College kukamufunsa za zimene anaphunzitsa m'kalasi. Aphunzitsi anati m'makalasi muli akazitape, ananyanyala ntchito, ndipo maphunziro anaima miyezi yambiri. Amenewo ndiye ukazitape: kutenga mawu a munthu kukapereka kwa amphamvu kuti amutseke pakamwa. Koma kukanena munthu amene akuba ndalama za mankhwala a mu labu, kapena amene akuzunza mng'ono wanu, ndi nkhani ina. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi.

Tsopano kokanena. Malo ndi angapo, ndipo aliyense ali ndi ntchito yake.

Nkhani ya ziphuphu ndi katangale ndi ya ACB. Ali ndi ofesi kuno ku Blantyre komanso nambala yaulere, 113, ndipo amalandira madandaulo ngakhale munthu asanatchule dzina. Lamulo la Corrupt Practices Act, ndime 51A, limati wobwezera munthu chifukwa choti wakanena za katangale wapalamula mlandu, ndipo akhoza kukakhala kundende zaka ziwiri.

Mabungwe ena, monga MRA, amagwiritsa ntchito njira ya Tip-offs Anonymous yoyendetsedwa ndi kampani ya Deloitte, pa nambala ya 847. Ubwino wake ndi woti wolandira foniyo sagwira ntchito pa bungwe limene mukulinenalo. Amalemba nkhani yanu, kuchotsamo zokuzindikiritsani, kenako n'kuitumiza kwa akuluakulu oyenera a bungwelo. Onani pa bolodi ya zidziwitso kapena pa webusaiti ya sukulu yanu kuti njira yawo yonenera mwachinsinsi ndi iti, ndipo funsani za komiti yoona za umphumphu, imene mabungwe aboma amayenera kukhala nayo.

Ngati nkhani ndi yoti ofesi yakuchitirani zopanda chilungamo, mwina akukanizani chinthu popanda chifukwa chomveka, kuli ofesi ya Ombudsman. Ngati ndi nkhanza zokhudza kugonana, dziwani kuti Gender Equality Act ya 2013 imati umenewo ndi mlandu, chilango chake K1 miliyoni ndi zaka zisanu kundende. Mukhoza kupita kupolisi ku Victim Support Unit kapena ku Malawi Human Rights Commission.

Apa ndiye pali phata la nkhani yanga, mumvetsere bwino. Mukabisa dzina, wofufuza sangabwere kudzakufunsani kuti "munkatanthauza chiyani pamenepa?" Ndiye uthenga wanu uyenera kudziimira wokha. Mukangoti "ku accounts kuli akuba", palibe chimene chichitike, pepala lanu likagona mu fayilo basi. Koma mukati tsiku lakuti, munthu wa udindo wakuti analandira ndalama zakuti kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo dzina lakuti linalowa pa mndandanda mawa lake, mwamupatsa wofufuza poyambira. Nenani chimene chinachitika, liti, kuti, ndani, ndalama zingati, ndipo umboni angaupeze pati. Siyanitsani zimene munaona ndi maso anu ndi zimene munangomva kwa ena. Sungani mameseji, ma screenshot ndi malisiti pamalo oti foni ikabedwa zisatayike. Akakupatsani nambala ya dandaulo lanu, isungeni, chifukwa ndi imene mudzagwiritse ntchito pofunsa kuti nkhani ili pati.

Chachiwiri, musadziulule nokha. Ambiri amagwidwa osati chifukwa ofesi yaulula, koma chifukwa cha pakamwa pawo. Wanena lero, mawa wauza chibwenzi, mkuja gulu lonse la WhatsApp likudziwa. Musagwiritse ntchito imelo ya sukulu kapena kompyuta ya mu laibulale. Kumbukiraninso kuti simu khadi yanu inalembetsedwa ndi chiphaso chanu. Ndipo dzifunseni: kodi nkhaniyi akuidziwa ndi anthu angati? Ngati mu ofesimo munali awiri okha, ngakhale mubise dzina adziwa kuti ndi inu. Pamenepo ndi bwino kupeza kaye munthu wamkulu wodalirika, kapena wodziwa malamulo, n'kupita poyera muli ndi okuperekezani. Nkhani za nkhanza nthawi zambiri zimafuna zimenezo, chifukwa mlandu kukhoti suyenda popanda mboni.

Chachitatu, Facebook si ofesi ya madandaulo. Ndikudziwa, kutumiza ku peji yotchuka kumakoma, makomenti amagwa ngati mvula. Koma mwamuchenjeza wakubayo kuti akawotche mapepala, ndipo mukalakwitsa mwaipitsa dzina la munthu wosalakwa amene ali ndi ana ake kunyumba. Anthu amangidwapo kuno ndi lamulo la 2016 lokhudza za pa intaneti chifukwa cha zimene analemba. Ndipo chonde, njira zimenezi si zobwezerera mphunzitsi amene anakulepheretsani chifukwa simunawerenge. Bodza limodzi limachititsa kuti wonena zoona wa mawa asakhulupiriridwe.

Sindikulonjezani kuti mukanena ndiye kuti wina amangidwa. Nkhani zina zimachedwa, zina zimafera m'njira. Koma madandaulo atatu ochokera kwa anthu osadziwana, onse akuloza ofesi imodzi, ndi ovuta kuwakwirira. Ife tinalipo ambiri amene tinkadziwa za bambo uja, ndipo aliyense ankadikira kuti ayambe ndi mnzake.

Ndikupempheni chinthu chimodzi musanakwere minibasi. Sungani 113 mu foni yanu, ndipo sabata ino mufufuze kuti pa sukulu kapena pa ntchito panu amanenera kuti. Pa msonkhano wotsatira mudzauzane zimene mwapeza, a sekilitale alembe mndandanda, uikidwe m'nyuzi ino.

Ngati pali mafunso, ndilipo.