Kusaka Mdani Wobisala Pansi pa Madzi

Nkhani yathu madzulo ano ndi ya sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi, ndi mmene anthu anavutikira kupeza njira yozidziwira pamene zabisala.

Mwina wina afunsa kuti, "Ife okhala kumtunda kuno, za pa nyanja yamchere zitikhudza bwanji?" Zitikhudza chifukwa cha makolo athu. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, asilikali a kuno a King's African Rifles anakwera sitima kupita ku Madagascar mu 1942, ndipo pambuyo pake ku Ceylon ndi ku Burma. M'miyezi ya June ndi July 1942, sitima za pansi pa madzi za Japan zinamiza sitima zoposa 20 pa nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Pa 12 February 1944, sitima ya Khedive Ismail, imene inanyamuka ku Mombasa ndi asilikali a kum'mawa kwa Africa, inamizidwanso, ndipo anthu 1,297 anafa. Moyo wa msilikali aliyense pa ulendo wotere unadalira kuti mdani adziwike asanaombere.

Vutoli linayamba kale, pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ndipo Angerezi anayesa njira zodabwitsa. Sitimazi zimasuzumira kunja ndi chipaipi chokhala ndi galasi. Tsono akatswiri ena anaganiza zozoloweretsa mbalame za kunyanja kupeza chakudya pa chipaipi chabodza, kuti zikaona chenicheni ziziunjikana pamenepo ndi kuulula mdani. Nzeru imeneyi siinapite patali.

Mu 1917 anayesanso nyama zotchedwa sea lion, zosambira mwaluso ngati katumbu, zimene anazibwereka kwa anthu oonetsa masewero. Anaziphunzitsa pa nyanja ya Bala, ku Wales, kutsata phokoso la pansi pa madzi kuti zilandire nsomba. Koma atazitengera ku nyanja yaikulu, sizinathe kulondola sitima modalirika, ndipo ntchitoyo inalekeka.

Chimene chinapambana ndi khutu. M'madzi phokoso limayenda mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi imodzi, pamene mumpweya limayenda mamita 340 okha. Choncho amalinyero anayamba kumiza zida zomvera m'madzi ndi kutchera khutu ku kulira kwa injini. Ku France, katswiri wina dzina lake Paul Langevin anapanga chida chotumiza liwu m'madzi ndi kulimvera likabwerera, monga muja munthu akafuula pafupi ndi phiri mawu ake amamubwerera. Nthawi imene liwu latenga kuti libwerere ndiyo imaonetsa kutalika kwa pamene pali chinthucho.

Njira ina inali ya maginito. Chitsulo chochuluka cha sitima chimasokoneza pang'ono mphamvu ya dziko imene imalozetsa kampasi kumpoto. Ndege youluka m'munsi, itanyamula chida choyezera, imatha kuzindikira kusokonezekako. Umu ndi mmene ndege za America zinapezera sitima ya Germany, U-761, pafupi ndi Gibraltar pa 24 February 1944.

Nzeru ya kumvera imeneyi siinathere ku nkhondo. Akatswiri a za nsomba aigwiritsa ntchito pa Nyanja ya Malaŵi poyeza kuchuluka kwa usipa ndi nsomba zina. Ndipo mukadzaona wantchito ya madzi atagunditsa ndodo pa paipi, khutu lili kumapeto kwake, musadzamuseke ai. Akufuna pamene madzi akudontha pansi pa nthaka, ndipo akuchita chomwe anachita amalinyero operekeza sitima zimene zinanyamula makolo athu.