Sivatherium, nyama ya nyanga zinayi imene inatha

Sivatherium ndi dzina la nyama ya ziboda imene inatheratu kalekale padziko lapansi. Inali pachibale ndi nyamalikiti, koma khosi lake linali lalifupi ndipo thupi lake linali lojintcha ngati la njati. Yamphongo inali ndi nyanga zinayi: ziwiri zazing'ono pamwamba pa maso, ndi ziwiri zikuluzikulu chakumbuyo kwa mutu, zotambasuka ngati chikhatho. Nyangazi zinali mafupa omera pachigaza, ndipo sizinkathothoka chaka ndi chaka monga zimachitira za agwape a ku Ulaya.

Dzinali analipereka ndi Hugh Falconer ndi Proby Cautley m'chaka cha 1836, atafukula chigaza chake m'mapiri a Siwalik ku India. Akatswiri akuti mtundu wa ku India unkalemera makilogalamu oposa 1,000. Ku Africa kuno mafupa ake apezeka ku Olduvai m'dziko la Tanzania ndi ku Langebaanweg ku South Africa. Mano ake akuonetsa kuti poyamba inkadya masamba a m'mitengo, koma nkhalango zitayamba kuchepa inazolowera msipu.

Nkhani ya mafupa akale otere ikukhudzanso nyanja ya Malawi. Kumpoto, m'boma la Karonga, kuli dothi la Chiwondo limene nyanja inasiya m'mphepete mwake zaka mamiliyoni zapitazo. Mvula ikakokolola dothilo m'zigwembe, pamatsala mano ndi zidutswa za nyanga za nyama zamtundu wa mphalapala, mafupa a nguluwe zakale, mvuu ndi njovu, zonse zitasanduka mwala. Pa Uraha, pafupi ndi Chilumba, gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza nsagwada ya munthu wakale wotchedwa Homo rudolfensis mu 1991, ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Zinthu zoterezi n'zimene zinabala nyumba yosungiramo zakale ya ku Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004.

Fupa losanduka mwala limalemera m'manja kuposa fupa wamba, ndipo likachotsedwa pamalo pake mosasamala, msinkhu wake umavuta kuudziwa, chifukwa dothi lolizungulira ndilo limanena zaka zake. Choncho mlimi, msodzi kapena mwana wa sukulu amene walipeza alisiye pomwepo, auze amfumu, ndipo amfumu adziwitse a nthambi ya boma yoona za zinthu zakale.