Gule wa Lachinayi ku Mangalande

(Mawu amene anayankhula mmodzi wa ophunzira akale pa mkumano wathu wa pachaka)

A Wapampando, aphunzitsi athu opuma pantchito, ndi inu anzanga amene tinkalimbirana chipala chositira yunifolomu Lamlungu madzulo, ndikupatsani moni nonse.

Mwandipempha kuti ndinenepo za moyo wa ku Mangalande. Za ntchito sindinena, zingakugonetseni tulo. Ndinena za gule.

Chaka changa choyamba kumeneko kusungulumwa kunandisautsa kwambiri. M'mwezi wa Disembala dzuwa limalowa nthawi isanakwane 4 koloko, ndipo mlungu umatha popanda wokufunsa kuti wadzuka bwanji. Mayi wina wachikulire wa kutchalitchi ndiye anandiitanira ku gule wa Lachinayi madzulo, mu holo ya mpingo. Ndinapita chifukwa cha ulemu chabe, poti munthu wamkulu sakanidwa pamaso.

Guleyu amamutcha English country dance. Anthu amaima m'mizere iwiri moyang'anizana, aliyense ndi mnzake. Kutsogolo kumakhala woitanira, amene amayamba wakuyendetsani pang'onopang'ono popanda nyimbo. Akaona kuti mwagwira, oimba vayolini ndi piyano amayambapo. Amayi a chioda mundimvetse, kumeneko chiuno chilibe ntchito. Zimene zimagwira ntchito ndi mapazi, manja ndi maso. Chigawo chimodzi chikatha, iwe ndi mnzako mumasuntha n'kukumana ndi anthu ena awiri, chimodzimodzi mpaka kumapeto kwa mzere, kumene mumapumira pang'ono n'kuyamba kubwerera. Pomatha nyimbo umakhala utagwirana dzanja ndi pafupifupi aliyense. Ndiponso gule wina akamayamba umasankha mnzako wina, kotero wobwera yekha sakhala pampando.

Guleyu ndi wakale ndithu. M'chaka cha 1651 John Playford anasindikiza buku ku London lotchedwa The English Dancing Master, momwe munali magule 105, nyimbo zake ndi kavinidwe kake. M'zaka za m'ma 1800 anthu anatengeka ndi magule atsopano, akalewa n'kuiwalika. Mphunzitsi wa nyimbo Cecil Sharp anafukula mabuku aja, ndipo mu 1911 anayambitsa bungwe la English Folk Dance Society. Nyumba yomukumbukira, Cecil Sharp House, inatsegulidwa ku London mu 1930, ndipo anthu amavinamo mpaka lero. Nditamva zimenezi ndinadzifunsa kuti nanga kavinidwe ka mganda kamene tinkapikisana nako pa sukulu pano, analemba ndani?

Usiku woyamba ndinasokoneza mzere wonse. Woitanira atati kumanja, ine ndinalowera kumanzere n'kugundana ndi bambo wina wa imvi. Kukanakhala kuno mukanandipatsa dzina lonyamula mpaka kumanda. Iwo anangoseka, dzanja lina n'kundigwira paphewa kunditembenuzira koyenera, gule osaima.

Pakati pa magule timamwa tiyi ndi mabisiketi, aliyense amatsuka kapu yake. Zocheza zake n'zazing'ono, za mvula ndi za mawondo opweteka. Koma nditadwala chimfine n'kujomba milungu iwiri, foni inalira katatu tsiku limodzi, ndipo madzulo ake mayi uja anafika pakhomo ndi supu m'poto. Anadziwa kuti sindili bwino chifukwa malo anga pamzere anali opanda munthu.

Tsono A Wapampando, apa ndipo pali dandaulo langa. Ife timakumana kamodzi pachaka, kwinako timaonana pamaliro. Mnzathu wina wa m'kalasi mwathu anadwala miyezi isanu, ambirife tinamva atatisiya kale. Ndikupempha komiti itipezere holo Loweruka limodzi mwezi uliwonse. Kaya tizivina mganda, kaya chioda, kaya gule wa Playford, zonse zili bwino. Woitanira ndikhala ine miyezi itatu yoyamba, ndipo masamba a tiyi ndigula ndine. Ofuna alembetse mayina kwa a Mlembi tisanapite kukadya.