Satifiketi ya Fairtrade isanabwere, dzina la mayi lilowe m'kaundula

Awa ndi mawu amene tinalankhula pokumana ndi amayi a m'magulu a ulimi ndi bizinesi. Tawaika pano kuti amene simunafike muwerenge nawo.

Nkhani ya leroyi munaipempha nokha. Ambiri mwakhala mukufunsa kuti, "Chizindikiro chija cha Fairtrade chimene timamva kuti chimakometsa mtengo wa tiyi, shuga ndi mtedza kunja, ifeyo tingachipeze bwanji?" Tiyankha, koma tinenanso mbali ina imene anthu sakonda kuitchula.

Fairtrade ndi dongosolo la malonda limene likulu lake lili ku Bonn m'dziko la Germany, ndipo kuno ku Africa ofesi yake yaikulu ili ku Nairobi. Munthu wogula ku London akaona chizindikirocho pa paketi ya tiyi, amakhulupirira kuti mlimi sanaberedwe komanso ana sanagwiritsidwe ntchito m'munda. Pa mbewu zambiri pamakhala mtengo woikika, woti wogula saloledwa kupereka wochepera pamenepo. Pamwamba pa mtengo palinso ndalama ina yotchedwa Premium. Pa shuga ndi madola 60 pa tani, pa tiyi ndi masenti 50 a ku America pa kilo. Ndalama imeneyi sipita m'thumba mwa munthu mmodzi ayi. Imapita ku gulu, ndipo mamembala ndi amene amavota kuti igwire ntchito yanji. Mfundo imeneyi muisunge, tibwererakonso.

Kuno kwathu alipo amene anayamba kale. Alimi a nzimbe a Kasinthula ku Chikwawa analandira satifiketi mu 2002. Alimi a tiyi a Sukambizi ku Mulanje analandira mu 2008. A mtedza ku Mchinji ndi a khofi ku Mzuzu nawonso anadutsa njira yomweyi. Ndiye n'zotheka.

Njira yake ndi iyi. Satifiketi ya alimi ang'onoang'ono sapatsa munthu payekha, amapatsa gulu lolembetsedwa ku boma, kaya koparetivi kaya asosiyeshoni, lokhala ndi malamulo ake olembedwa, kaundula wa mamembala, akaunti ya ku banki ndi atsogoleri ochita kusankhidwa. Gulu likakonzeka limalembera bungwe la FLOCERT, limene limayendera ndi kupereka satifiketi. Pali ndalama yofunsira komanso ina yolipira chaka ndi chaka, ndipo si yochepa. Kenako amatumiza woyendera. Ameneyo sathera mu ofesi. Amatsegula mabuku a ndalama, amawerenga zolembedwa za misonkhano, amapita kumunda kukaona mankhwala amene mukupopera ndi malo amene mukuwasunga, amacheza ndi mamembala paokha atsogoleri palibe. Akapeza zolakwika amakupatsani nthawi yokonza. Mukalandira, musaganize kuti zatha, amabweranso.

Chenjezo lathu ndi ili: satifiketi si msika. Premium mumalandira pa katundu yekhayo amene wagulidwa pa mfundo za Fairtrade. Wotsalayo mugulitsa ngati kale. Choncho musanatulutse ndalama za gulu, yambani mwapeza wogula amene akufunadi katundu wanu. Safunsa anadya phula. Ndipo wogula wa kunja safuna chizindikiro chokha. Mtedza ukakhala ndi chuku aubweza, satifiketi ili m'manja.

Inu amene muli ndi bizinesi yopakira katundu m'mapaketi, dziwani kuti kusindikiza chizindikirocho pa paketi kumafuna pangano lakelake ndi eni chizindikiro. Inu oluka madengu ndi osoka, njira yanu ndi ina. Ya ntchito zamanja ambiri amadzera ku bungwe la World Fair Trade Organization.

Tsopano tibwerere ku voti ija. Tifunsane moona mtima. Amene amalawirira kukathyola tiyi mame ali mbuu ndani? Amene amakhala pamkeka kusenda ndi kusankha mtedza mpaka msana kuwawa ndani? Ndife. Nanga tsiku lolembetsa ku koparetivi, dzina limene limalowa m'buku ndi la ndani? Nthawi zambiri ndi la bambo. Ngakhale kumadera a chikamwini, kumene munda ndi wa mayi, wochokera kwa amayi ake ndi agogo ake, timamva kuti, "Alembeni bambo, ndiwo mutu wa banja." Ife timangoti chabwino.

Chabwino ameneyu amatidyera zambiri. Amene sali m'kaundula si membala. Amene si membala savota pa msonkhano waukulu wa pachaka, sangapikisane pa udindo, ndipo ndalama za katundu sizidzera m'manja mwake. Pokambirana za Premium, ena akati tigule galimoto, mayi amene amadziwa mtunda wa ku mjigo ndi wa ku chipatala cha amayi oyembekezera amakhala ali panja, akuphikira anthu a pamsonkhano. Banja likatha kapena bambo akamwalira, mayi uja amadzazindikira kuti zaka zonsezi amalima ngati waganyu m'munda mwake momwe.

Malamulo a Fairtrade amaletsa tsankho pakati pa amuna ndi akazi, amaletsa nkhanza ndi kuzunza amayi pa ntchito, ndipo amafuna kuti membala aliyense akhale ndi mawu pa msonkhano waukulu. Koma malamulowo sangakukokereni m'kaundula. Woyendera amawerenga mayina amene wawapeza. Ngati gulu lalemba abambo okhaokha, satifiketi idzangodinda chidindo pa zimene tinazolowera kale.

Abambo, sitikukuthamangitsani. Tikuti amene akugwira ntchito alembedwe. Ngati nonse mumalima, nonse mukhale ndi mawu.

Ndiye tikamachoka pano, aliyense atenge ntchito. Pitani kwa mlembi wa gulu lanu mukapemphe kuona kaundula, muwerenge kuti amayi alimo angati. Pemphani malamulo a gulu, muone ngati akulola mkazi ndi mwamuna wake kukhala mamembala aliyense payekha. Ngati sakulola, nkhaniyo ipite ku msonkhano waukulu. Onetsetsani kuti muli ndi chiphaso cha unzika ndiponso nambala ya foni kapena akaunti ya dzina lanu, kuti malipiro azifikira inu. Nthawi ya chisankho ikafika, musakankhirane kuti "ine sindinapite patali ndi sukulu." Ku banki m'khonde timasunga mabuku, timawerengera chiwongoladzanja, timagawana chaka chikatha popanda tambala kusowa. Komiti ya Premium ingatikanike bwanji?

Mwezi wamawa tikakumananso, gulu lililonse libwere ndi nambala ziwiri: mamembala onse ndi angati, amayi ndi angati. Tikayambira pamenepo.