Mwana Wotsala Kuseri kwa Nyumba

Lero tiyamba ndi kuwerenga. Mwana aliyense atsinzine, ayende m'maganizo mwake kuchokera pakhomo pa amake kufikira pano pa sukulu, nawerenge anzake a msinkhu wake amene amawasiya m'mudzi m'mawa uliwonse. Ena ali ku ubusa wa ng'ombe, ena ali kudimba. Amenewo timawadziwa, ndipo mafumu amawatchula kawirikawiri pa misonkhano. Koma alipo wina amene simunamuwerenge, pakuti simumuona. Iye amakhala pamphasa kuseri kwa nyumba, pafupi ndi nkhokwe, ndipo alendo akamveka odi pakhomo amamulowetsa m'nyumba msanga. Kapena sayenda, kapena saona, kapena samva, kapena amagwa khunyu. Nkhani yathu ndi ya mwana ameneyo.

Mu 1 mwa zaka zapitazi, ndiyo 2015, boma linachita kafukufuku wa anthu olumala m'dziko lonse la Zambia, ndipo linapeza kuti mwa ana 100 alionse a zaka 2 kufikira 17, ana opitirira 4 ali ndi ulumali. Tsono sukulu ya ana 500 inayenera kukhala ndi ana otere 20 kapena kuposapo. Aphunzitsi aakulu, tsegulani kaundula wanu muone ngati alimo. Ngati mwapeza awiri kapena atatu okha, otsalawo sanasowe m'dziko ai. Ali kumudzi.

Tisafulumire kuweruza makolo awo. Ambiri sabisa mwana chifukwa cha nkhanza, koma chifukwa cha manyazi ndi mantha a pakamwa pa anthu. Mwana wolumala akabadwa, mudzi umafuna wolakwa. Ena amati mayi anadya zoletsedwa ali ndi pakati, ena amati m'banjamo wina anayenda njira zosayenera, ndipo bambo akakhala ndi kagolosale kapena ngolo ya ng'ombe, amanong'onezana kuti anaika mwana wake m'chizimba kuti alemere. Maukwati ena atha chifukwa cha mau otere, mayi n'kutsala yekha ndi mwana kumsana. Munthu wonenedwa chotero angathe bwanji kunyamula mwana wake masana, kudutsa pabwalo, kupita naye kusukulu?

Tiyeni tione bwino nthenda imodzi imene imaopedwa koposa kuno kwathu, ndiyo khunyu. Ana inu mwamva kuti malovu a munthu wogwa khunyu akakukhudzani, nanunso mudzayamba kugwa. Ichi si choona, ndipo chapweteketsa anthu ambiri. Munthu amagwera pamoto madzulo, abale ali pomwepo, koma onse amaima patali kuopa kumgwira, kufikira dzanja kapena mwendo utapsa. Madokotala a m'zipatala zathu amawadziwa bwino mabala otere. Khunyu ndi vuto la mu ubongo. Silipatsirana ndi malovu, kapena mpweya, kapena kudyera mbale imodzi. Limayamba mwana akavutika pobadwa, akadwala malungo aakulu ofika kumutu, akadwala nthenda youmitsa khosi, kapena akavulala mutu.

Palinso chifukwa china chimene akatswiri a zaumoyo achifufuza m'midzi ya ku Katete ndi ku Sinda komwe kuno, ndipo chikhudza nkhumba zathu. Mumadziwa timibulu toyera timene timapezeka m'nyama ya nkhumba, timene timatcha masese. Munthu akadya nyama yotere yosapsa bwino, m'mimba mwake mumamera njoka yaitali yaphanthiphanthi. Mazira a njokayo amatuluka ndi chimbudzi. Kumene anthu amapita kuthengo, nkhumba zongoyendayenda zimadya zonyansazo, masese n'kubwereranso m'nyama. Koma mazira omwewo akalowa m'kamwa mwa munthu, kudzera m'manja osasamba, m'madzi kapena m'ndiwo zamasamba, timibulu tija tingathe kukamera mu ubongo, munthuyo n'kuyamba kugwa. Angakhale munthu wosadya nkhumba angathe kudwala motero. Onani tsono: pamene mudzi uli kuloza chala agogo okalamba kuti ndiwo mfiti, mlandu weniweni uli pa kusowa kwa chimbudzi ndi khola.

Mnzanu akagwa m'kalasi kapena pabwalo, musathawe ndipo musamuunjirire. Mchotseni pafupi ndi moto, madzi kapena miyala, ikani nsalu pansi pa mutu wake, ndipo kugwedezeka kukatha mgonekeni chammbali. Musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musam'mwetse madzi asanatsitsimuke. Kukapitirira mphindi zisanu, athamangire naye kuchipatala. Mankhwala a khunyu alipo, ndipo ambiri amene amamwa tsiku ndi tsiku mosadumphitsa amaleka kugwa, naphunzira monga anzawo.

Zilema zina nazo zili ndi magwero odziwika. Chikuku chimachititsa khungu mwana wosadya mokwanira, poliyo amapuwalitsa miyendo, ndipo mafinya a m'khutu osachizidwa amagonthetsa. Ndicho chifukwa cha katemera. Mwana wobadwa ndi mapazi opindikira m'kati angathe kuwongoledwa ndi pulasitala akafika msanga kuchipatala chachikulu monga St Francis ku Katete. Ndipo akulu akale anaona kale kuti palibe amene ali patali ndi zimenezi, pamene anati lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza. Ngozi imodzi ya njinga yamoto pa mseu waukulu wopita ku Chipata ikwanira.

Ife a chigawo cha Kum'mawa tili ndi mbiri imene tiyenera kuidziwa. Sukulu yoyamba ya akhungu m'dziko lino inayambira kwathu kuno, ku Magwero pafupi ndi Chipata, m'chaka cha 1905, pamene Mayi Issie Hofmeyr, mkazi wa m'mishoni wa mpingo wa Dutch Reformed, anayamba kuphunzitsa osaona kuwerenga ndi zala. Atamwalira iwo, ntchitoyo anaipitiriza Mayi Ella Botes, amene anaphunzitsanso akhungu ku Nyanje, m'boma la Sinda la lero, ndipo pambuyo pake ku Magwero kunatsegulidwanso sukulu ya ogontha. Masiku amenewo ana ambiri openya bwino anali asanaonepo sileti, koma kuno wakhungu anali atayamba kale kuwerenga.

Kodi amawerenga bwanji? Ndi timadontho totukuka papepala lolimba, tosapitirira 6 pa chilembo chimodzi, timene chala chimakhudza. Anakonza malembedwe amenewa ndi mnyamata wa ku France, Louis Braille, amene anabadwa mu 1809, navulala diso ali ndi zaka zitatu posewera ndi chida cha atate wake osoka zikopa, kenaka maso onse awiri anachita khungu. Pamene anamaliza kukonza zilembo zake mu 1824 anali ndi zaka 15 zokha, msinkhu wa ena a inu a Giredi 7. Funsaninso agogo anu za Lazarus Tembo, woimba wosaona wa kuno Kum'mawa, amene nyimbo zake zinamveka pa wailesi m'dziko lonse, nafika pokhala nduna yaing'ono m'boma la Pulezidenti Kenneth Kaunda. Akanasungidwa kuseri kwa nyumba, ndani akanamumva?

Kwa zaka zambiri ntchito imeneyi inali makamaka m'manja mwa mamishoni. Mu 1971 boma linaisenza, ndipo ku Lusaka kunatsegulidwa koleji yophunzitsa aphunzitsi a ana olumala, imene lero imatchedwa ZAMISE. Mu 2010 dziko la Zambia linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, ndipo mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano loletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali wake, kusukulu, kuntchito kapena kuchipatala. Lamulo lomwelo limaletsanso kumuitana munthu ndi dzina lonyoza chilema chake. Kuyambira mu 2022 makolo salipiranso fizi m'sukulu za boma.

Zonsezi n'zabwino, koma ine ndinene mosabisa kuti lamulo lili papepala ku Lusaka, ndipo pepala silingaoloke mtsinje ndi mwana kumsana. Amene anayendapo m'mapiri a ku Vubwi, kwa Mfumu Pembamoyo, nthawi ya dzinja, adziwa kuti mpando wa matayala sungapite patali m'matope amenewo. Sukulu zapadera monga Magwero n'zochepa, malo ogona ndi owerengeka, ndipo mayi wosauka sangapeze msanga ndalama ya ulendo, sopo ndi bulangete. Kwa ana ambiri, sukulu yokhayo imene adzailowe ndi yomwe ino imene mwakhalamo leroyi, ndipo mphunzitsi yekhayo amene adzamuone ndinu.

Mudzati, ine sindinapite ku ZAMISE, ndipo ndili ndi ana 70 m'chipinda chimodzi. Zoona. Koma zambiri zimene mwana wotere asowa sizifuna satifiketi. Wosaona bwino akhale kutsogolo, ndipo inu muzitchula mokweza chimene mukulemba pa bolodi. Wosamva bwino aziona nkhope yanu. Musalankhule mutafulatira kalasi, pakuti iye amatola mau pa milomo yanu. Mwana wachialubino maso ake amavutika ndi kuwala ndipo khungu lake limapsa ndi dzuwa, chotero mloleni avale chipewa ndi malaya a manja aatali angakhale sizigwirizana ndi yunifolomu, ndipo asaime padzuwa nthawi ya mzere. Wochedwa kumva zinthu mpatseni ntchito yaing'ono imene angaimalize, nimumuyamike pamaso pa anzake. Nthawi zambiri mwana amene timamutcha wamwano kapena mbuli amakhala kuti sanamve funso.

Ndipo inu ana, gawo lanu ndi lalikulu kuposa la aphunzitsi, chifukwa mphunzitsi sapita nanu kumpira kapena kuchitsime. Mnzanu ali ndi dzina limene anampatsa makolo ake. Muitaneni ndi dzinalo, osati ndi mwendo wake kapena maso ake. Poyenda ndi wosaona musamukoke ngati mbuzi. Iye agwire mkono wanu, inu mutsogole pang'ono, muzimuuza pamene pali dzenje kapena chitsa. Wogontha ali ndi chinenero chake cha manja, ndipo ana amachiphunzira msanga kuposa akulu. Koma musamuchitire zonse. Chimene angathe kuchita yekha, msiyeni achite, angakhale achedwe. Funsani kaye musanathandize.

Wailesi ikatsekedwa, aphunzitsi, tulukani ndi ana anu panja, mutenge chingwe ndi rula. Yambirani pachipata cha sukulu, muyende pang'onopang'ono kufikira m'kalasi, kenaka kumjigo ndi kuchimbudzi. Ana awerenge masitepe, ayeze kukula kwa khomo lililonse, nalembe malo onse pamene mnzawo wa ndodo kapena wa mpando wa matayala akanaima osapitirira. Akafika kuchimbudzi aganize za mwana amene amayenda ndi manja pansi. Pamene pafunika dothi, miyala kapena mtengo wogwirira, mulembe padera, chifukwa zimenezo makolo a komiti ya sukulu angazikonze Loweruka limodzi. Mndandanda wachiwiri ukhale wa maina a ana aja munawawerenga poyamba. Umenewo musauwerenge m'kalasi. Aphunzitsi aakulu autenge okha, apite nawo kwa anyakwawa, ndipo pokaonana ndi makolo ayambe ndi kupereka moni kwa mwanayo.