KAMAKINA KA MASEWERA KAKAFIKA PA NJAKWA

Munthu wochokera ku Mzuzu akapatuka pa Bwengu kulunjika ku Rumphi, asanafike pa boma amadzera pa Njakwa, pamene mtsinje wa South Rukuru unang'amba mapiri nudzipezera njira yotsikira ku chigwa cha Henga mpaka kunyanja. Ndi malo a matanthwe ndi mkokomo wa madzi. Nkhani ya lero ikuyambira pamenepo, ngakhale kuti chinthu chimene ikukamba kwao ndi kutali, mu mzinda wa Kyoto ku Japan.

Pa 5 June 2025 kampani ya Nintendo inatulutsa kamakina katsopano ka masewera kotchedwa Switch 2, ndipo m'masiku 4 okha makina oposa 3.5 miliyoni anali atagulidwa. Kwa omvera amene sanakaonepo, kamakinaka ndi kaphanthiphanthi, kogwira ndi manja awiri, kolemera kupitirira pang'ono theka la kilogalamu. Pakati pake pali galasi loonetsa zithunzi, lotalika masentimita 20 kuchokera pa ngodya ina kufika pa inzake. Uku ndi uku kuli zogwirira za mabatani, zimene zimamatirira ndi maginito, ndipo munthu atha kuzizula ndi kuzibwezeranso.

Tsono omvera ayerekeze madzulo ena a mwezi wa December, chimanga chitayamba kumera. Bambo wina wogwira ntchito ku Johannesburg watsika galimoto pa Njakwa, chikwama kumsana. Ulendo wa ku Joni si wachilendo m'chigawo cha kumpoto. Makolo ankapita pa Wenela nabwerako ndi njinga, wailesi kapena galamafoni, kufikira chaka cha 1974 pamene ngozi ya ndege ku Francistown inapha amuna ambiri a kuno ndipo boma linaimitsa ulendowo. Masiku ano anthu amapita paokha pa basi, komabe mwambo uja wa kubwera ndi chinthu chodabwitsa mudzi sunathe. Bamboyu wabweretsera mwana wake wamwamuna kamakina kaja.

Chimene chimagwira munthu mtima poyamba ndicho kuwala. M'nyumba younikira ndi tochi, galasi lija likayaka limaoneka ngati zenera lotsegukira dziko lina. Sewero limene linatuluka pamodzi ndi makinawa ndi Mario Kart World, mpikisano wa timagalimoto 24 tothamanga m'zipululu, m'mapiri ndi pamwamba pa madzi. Ana amene masana onse anali pa phokoso amangoti zii, kukamwa yasa. Wina amapendeka thupi lonse pamene kagalimoto kakukhota, ngati kuti iye mwini ndiye ali pa chiongolero. Pamenepa palibe chotsutsa, amisiri a ku Kyoto ntchito yao amaidziwa. Ndipo bambo uja akazula zogwirira ziwiri zija, napatsa mwana wake chimodzi, china napatsa mlongo wake wa mwanayo, sewero la munthu mmodzi limasanduka la awiri. Mtsikana amene anazolowera kuuzidwa kuti zotere nza anyamata amapezeka wapitirira mchimwene wake pa khona lomaliza, nyumba yonse nkufa nacho chiseko.

Koma pa khonde pakhala nkhalamba, imene adzukulu amaitcha asekuru monga mwa chiyankhulo cha kumeneko. Iwo ayang'ana kwa nthawi, kenaka afunsa mwana wao:

"Kodi mwana wanga, kanthu kameneka kamadya chiyani?"

"Kamadya magetsi, adada."

"Nanga kakadya kamodzi, kamakhuta mpaka liti?"

Funso la nkhalambali ndilo mutu wa nkhani yonse. Eni ake a makinawa amanena okha kuti batire lake limakhala maola 2 mpaka 6 ndi theka, malinga ndi kulemera kwa sewero. M'nyumba ya magetsi limeneli si vuto. Koma nyumba zambiri za m'midzi ya Malawi magetsi zilibe. Kumene kuli kasola ka pa denga, mphamvu yake ndi yoyeza: iyenera kuunikira mwana wokonzekera mayeso a Sitandade 8, kudzaza foni yolandirira ndalama, ndi kuyatsa wailesi ya nkhani za madzulo. Kamakina katsopano kakalowa, kamalowa ngati mlendo wa mimba yaikulu pa mbale yochepa.

Chodabwitsa nchakuti kampani yomweyi kale inkalimvetsa bwino funso la asekuru. Nintendo inayamba m'chaka cha 1889 ngati yopanga makadi a masewera a pepala. Mmisiri wake wotchuka, Gunpei Yokoi, amasimbidwa kuti tsiku lina m'sitima ya pamtunda anaona munthu wotopa ndi ulendo akungodinadina mabatani a kamakina kowerengera masamu. Pamenepo ndipo panachokera Game & Watch ya m'chaka cha 1980, kamene kanali ndi sewero limodzi lokha ndiponso wotchi. M'chaka cha 1989 gulu la Yokoi linatulutsa Game Boy. Galasi lake linali lopanda mitundu, lobiriwira ngati madzi a pa dambo, ndipo anthu ena analinyoza. Chaka chotsatira kampani ya Sega inatulutsa Game Gear ya zithunzi za mitundumitundu, yokongola kwambiri. Koma Game Gear inkamaliza mabatire 6 m'maola ochepa, pamene Game Boy inkayenda maola oposa 10 pa mabatire 4 okha. Inapambana ndi yosakongola ija. Yokoi ankakhulupirira kuti chipangizo chakale, chotsika mtengo ndi chodziwika bwino, chikagwiritsidwa ntchito mwa nzeru yatsopano, chimaposa chipangizo chamakono chodula. Akanakhala pa khonde la pa Njakwa, iye ndi asekuru akanamvana msanga.

Omvera amene anali ana m'zaka za m'ma 1990 akumbukira kuti ngakhale Game Boy yeniyeniyo sinali ya aliyense. Chimene chinafika m'manja mwa ambiri ndi kamakina kotchipa kochokera ku China, kotchedwa Brick Game, kamene pamwamba pake ankalemba kuti kali ndi masewera 9999, chonsecho anali owerengeka okha obwerezedwabwerezedwa. Sewero lake lalikulu linali la kuyala timadina takugwa kuchokera kumwamba, lotengera Tetris, limene Alexey Pajitnov anapanga ku Moscow m'chaka cha 1984. Mabatire ake anali awiri, ogula pa okala iliyonse, ndipo akafooka ana ankawayanika pa dzuwa pokhulupirira kuti atsitsimuka. Pambuyo pake panabwera sewero la kanjoka m'mafoni a Nokia, kuyambira chaka cha 1997. Zonsezi zinali zinthu zodzichepetsa, zosapempha zambiri kwa mwini wake.

Switch 2 ndi yosiyana, pakuti imapempha, ndipo siyamba ndi magetsi okha. Pamene inkatuluka, mtengo wake ku America unali madola 450, osawerengera sewero la timagalimoto lija, limene paokha linali madola 80. Pa mtengo wa kubanki wa chaka chimenecho, wa pafupifupi K1,750 pa dola imodzi, makina okhawo akuyandikira K790,000, asanaikepo za mayendedwe ndi msonkho. Mlimi wa fodya wa ku Rumphi, amene amagulitsa ku misika ya ku Mzuzu m'madola, atha kudziwerengera yekha: fodya atagulidwa pa madola 3 pa kilogalamu, pafunika makilogalamu 150, atagulidwa pa madola 2, pafunika 225. Pamenepo ndalama ya feteleza, ya aganyu ndi ya ngongole isanachotsedwe. Nchifukwa chake mai wa m'nyumba muja, ana atagona, amafunsa motsitsa mau kuti, "Bambo, kameneka mwagula zingati?" Ndipo yankho limachedwa kutuluka.

Kenaka pali intaneti. Masewera ena a makinawa amagulitsidwa pa kakhadi kamene mkati mwake mulibe sewero lenileni, muli kiyi chabe, ndipo wogula ayenera kulikoka seweroli pa intaneti asanayambe. Wokhala ku Tokyo saona vuto. Wogula mayunitsi a foni a tsiku limodzi, amene netiweki amakaisaka pa chulu, wagula chitseko chopanda nyumba. Batani lina latsopano, lolembedwa C, ndi loyankhulirana ndi anzako akutali uku mukusewera, ndipo nalonso popanda intaneti ndi chokongoletsa chabe. Nanga kakaonongeka? Makina oyamba a Switch, a m'chaka cha 2017, anadziwika ndi vuto la timitengo toongolera timene tinkayamba kuyenda tokha, mpaka mtsogoleri wa kampaniyo anapepesa m'chaka cha 2020. Mmisiri wokonza mafoni pa boma ali ndi luso lake, koma luso silibala chipangizo chimene palibe.

Pali chinthu chinanso chimene sichiyezedwa ndi ndalama. Pansi pa mtengo wa mango pali bawo, thabwa la mabowo 32 ndi njere 64. Silidya magetsi, silifuna kiyi. Osewera ndi awiri, koma oonerera ndi khamu, aliyense ndi uphungu wake wosapemphedwa, ndipo mnyamata woima kumbuyo amaphunzira kuwerenga patsogolo, kupirira pogonja ndi kuyankhula pamaso pa akulu. Atsikana ali ndi phada ndi fulaye. Anyamata amapinda waya napanga galimoto yokhala ndi chiongolero chake, kotero kuti mwana yemweyo ndiye mmisiri, ndiye dalaivala. Kamakina ka m'manja kamapereka galimoto yokongola kuposa ya waya, koma yopangidwa kale ndi wina, ndipo mau ake onse ndi a Chingerezi kapena ziyankhulo zina zakutali. Chitumbuka mulibe, Chichewa mulibe.

Sikuti masewerawa ndi mdani. Amanola maso ndi zala, amaphunzitsa mwana kuyesanso atalephera, ndipo ena amamukakamiza kuwerenga kuti apite patsogolo. Akulu amene amawanyoza aiwala kuti bawo nalonso linagonetsapo minda ya anthu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO m'chaka cha 2019 linavomereza kuti kukodwa ndi masewera a pa makina ndi nthenda, koma linanenetsa kuti imagwira ochepa okha mwa osewera, makamaka amene afika posiya sukulu, ntchito ndi abale kwa nthawi yaitali. Pa Njakwa ngozi imeneyo ili ndi mlonda wake wosalipidwa, ndiye batire lija.

Pa tsiku lachitatu kumwamba kwachita mitambo, ndipo kasola sikanakoke kanthu. Galasi lija lazima pakati pa mpikisano. Mwana walitembenuza uku ndi uku, waligwedeza, napita kwa atate ake:

"Adada, kafa."

"Sikanafe. Kali ndi njala."

M'mawa mwake mnyamatayo wakakulunga m'kansalu, nauyamba ulendo wa pansi wopita pa boma kukalipira pa malo odzazira mafoni, mlongo wake ali pambuyo kumukumbutsa kuti pobwerera woyamba kusewera ndi iye. Bambo ao atsala pa khonde, pamene asekuru atulutsa bawo nayamba kugawa njere m'mabowo.